Kakhadi Kokana Kulembedwa

Ine ndayenda. Ndikatero sindikunena zokwera basi kukaona azakhali ayi. Ndadutsa malire a mayiko khumi ndi limodzi nditagwira chiwongolero ndi manja angawa. Ndagonekapo lole pamwamba pa phiri lozizira mpaka madzi a m'botolo anauma gwa, ndatsitsapo katundu pa doko limene makina ake onyamulira ndi aatali kuposa nyumba zosanjikiza kasanu. Ndinayamba ndi wilibala pa msika, lero malole anga ndi asanu ndi awiri. Anthu a mumsewu mwathu amanditcha a Malole. Bambo anga okha ndiwo amanditchabe Mkokomo, poti akuti ndinabadwa ndikulankhula ndipo mpaka lero sindinapumire.

Bambowo anakonza mawailesi zaka makumi anayi ndi chimodzi m'chipinda chimodzi chomwecho, pakati pa telala ndi wogulitsa zitsulo. Kashopu kake kanali kakang'ono moti anthu atatu akalowa, wachinayi ankalankhulira pa khomo. Mashelefu anafika kudenga, atadzaza mawailesi amene eni ake anaiwala kudzatenga. Pa tebulo panali mabotolo a tizitsulo tosiyanasiyana, chitsulo chowotcherera, galasi lokulitsa zinthu lomangidwa ndi waya pa chogwirira, ndi babu lolendewera lomwe anapangira chipewa cha chitini. Fungo la mtovu wosungunuka linalowerera m'matabwa, m'malaya awo, ngakhale m'mabuku athu a sukulu.

Maso awo atayamba kuchita nkhungu, ndipo anthu atasiya kubweretsa mawailesi, anavomera kupuma. Mwini nyumba anapereka chipindacho kwa mayi wina wofuna kutsegulamo saluni. Pangano linali lakuti Loweruka, 3 koloko masana, mayiyo abwera ndi opaka penti kudzatenga makiyi.

Kutatsala sabata imodzi, Bambo anandiitana.

"Mkokomo, khala pansi, ndipo utseke pakamwa pang'ono."

Ndinakhala.

"Zaka zonsezi sindinajambulidwepo muno. Chithunzi cha ukwati ndili nacho, cha pa chitupa ndili nacho, koma cha pa ntchito ndilibe. Ndikufuna chimodzi chokha. Ndikhale pa tebulo langa, zinthu zonse zili m'malo mwake. Zidzukulu zizidzaona kuti agogo awo sanali munthu wongokhala pa khonde n'kumaingitsa nkhuku."

"Bambo," ndinatero, "mwafunsa mwini wake."

Ndinali nditangogula kamera ku dziko lina lozizira kumene ndinakatenga lole yanga yachisanu ndi chimodzi. Masiku amenewo mafoni anali ongoimbira ndi kuwunikira pansi pa bedi, ndiye kamera yopanda filimu inali nkhani. Umajambula, pompo n'kudziona pa kagalasi ka kumbuyo. Zithunzi zonse zinkasungidwa pa kakhadi kakang'ono ngati sitampa. Mumsewu wonse munalibe wina amene anali nayo, ndikukhulupirira kuti ngakhale m'misewu itatu yoyandikana nafe.

Achemwali anga aakulu, amene ndi namwino, anati tiitane wojambula wa ku situdiyo kuti tikhale otsimikiza. Ndinaseka mpaka kutsokomola.

"Achemwali, munthu uja amajambula lero, chithunzi n'kudzatuluka mwana atamera mano. Musiyeni. Nkhani iyi ili m'manja mwanga."

Tsono ine ndili ndi chizolowezi chimodzi chimene msewu unandiphunzitsa: chilichonse changa ndimachilemba. Matayala ndimalemba, majeke ndimalemba, masipanala, zigubu, malamba omangira katundu, ngakhale supuni ya m'lole. Pa malire a mayiko, chinthu chosalembedwa chimamera miyendo. Ndiye Lachisanu masana, ndili ku galaja kwanga, ndinatulutsa kakhadi kaja kuti ndikaike chizindikiro changa. Zala zangazi n'zazikulu, zinazolowera mabawuti, kakhadi kankangopulumuka. Ndinatenga pulayala, n'kukapana bwinobwino m'mbali, n'kulembapo zilembo zanga ziwiri ndi inki yosafufutika. Zinakongola. Ndinakabwezera m'kamera mtima uli m'malo.

Loweruka ndinafika ndi lole nthawi ya 1 koloko, nditavala malaya oyera. Tinayamba ndi kupakira makatoni a m'kachipinda ka kumbuyo kosungiramo katundu, kuti kutsogolo kukhale momwe kunaliri mpaka titajambula. Alamu anga, amuna awo a achemwali, anabwera kudzathandiza. Iwo ndi mphunzitsi wa Chingerezi ku sekondale, ndipo thandizo lawo linali kuimirira pa mthunzi ndi nyuzipepala m'khwapa n'kumatiuza katoni imene yapendekeka.

Achemwali anali atawaveka Bambo suti yakuda ndi tayi. Anawapesa, anawapukuta nsapato, n'kuwakhazika pa mpando ngati mkwati.

"Musagwire kanthu, Bambo. Mudetsa manja a malaya."

"Ndipume kapena ndisapume?"

"Pumani pang'onopang'ono."

Itakwana 2 koloko ndinatulutsa kamera m'chikwama chake. Telala woyandikana nafe anaimitsa makina n'kusuzumira. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka pa khomo, ndinagwada bondo limodzi monga ndinaonera alendo akuchitira pa doko lija, ndipo zonse zinalowa: mashelefu, babu la chipewa, mabotolo, ndi Bambo pakati ali tsonga.

"Yang'anani kuno, Bambo. Musaphethire."

Ndinadina.

Kamera inangoti pii pii. Pa kagalasi panatuluka mawu ofiira.

Ndinadinanso. Pii pii.

"Yajambula?" anafunsa achemwali.

"Ikutenthetsa injini," ndinatero.

Ndinaizimitsa, n'kuiyatsa, n'kudina. Pii pii, mawu ofiira omwe aja. Ine Chingerezi changa ndi cha pa msewu. Ndimatha kukangana ndi wapolisi wa pa malire ola lathunthu, ndimatha kuitanitsa chakudya, ndimatha kutukwana makaniko. Koma mawu awiri amenewo sindinakumanepo nawo pa malire alionse.

"Alamu, tabwerani kuno. Ntchito yanu yapezeka."

Alamu anapinda nyuzipepala, anavala mandala, anagwira kamera patali ngati kope la mwana wolemba moipa.

"Apa palibe chovuta," anatero. "Akuti kakhadi n'kotetezedwa ku kulemba."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti n'koletsedwa kulembapo. Kodi pali amene analembapo?"

Achemwali anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana.

"Iwe. Tulutsa kakhadiko."

Ndinakatulutsa. Zilembo zanga ziwiri zinali pomwepo, zakuda bii, zonyadira.

"Mayo ine!" anakuwa achemwali. "Unalemba! Munthu ameneyu akanakhala ndi mpata akanalemba ndi pa mphumi pa mkazi wake!"

"Pa mkazi wanga sipafunika, amadziwika kale."

"Azungu akuuza kuti usalembe, iwe n'kulemba!"

"Sanandiuze! Wogulitsayo anangondiuza kuti ndine munthu wodziwa kusankha."

Alamu anagwedeza mutu mwachifundo. "Vuto la kusawerenga, alamu. Makina a masiku ano amazindikira. Komabe mankhwala ake ndi osavuta. Cholakwika ngati chili kulemba, chokonza ndi kufufuta."

Zinamveka zanzeru. Ndivomere, ine ndemwe ndinawaombera m'manja. Achemwali anatenga botolo la sipiliti pa tebulo la Bambo, anatulutsa thonje m'chikwama mwawo, n'kuyamba kupukuta kakhadi ngati akutsuka bala. Inki yanga inali yabwino, ndimagula zabwino ine, ndiye inakana kwa nthawi. Kenako inagonja, thonje linada, kakhadi kanayera mpaka ndi zilembo za fakitale zomwe zinachoka.

"Tandipatseni ndione," anatero Bambo ali pa mpando wawo.

"Dikirani, Bambo, tatsala pang'ono."

Ndinakalowetsa. Ndinagwada. Ndinadina.

Pii pii.

"Inki inalowerera m'kati," anatero alamu mosakayika. "Monga m'mene imachitira pa thumba la malaya."

"Ndiye tikachape ndi sopo?" anafunsa achemwali.

Ndinasintha mabatire. Ndinauzira mpweya m'kamera. Ndinapukuta kakhadi pa buluku. Ndinaimenya kamera pang'ono m'mbali ndi chikhatho, njira imene yadzutsapo malole ambiri m'manja mwanga. Telala anati tiiike pa dzuwa mwina ikumva kuzizira kwa kwawo. Palibe chimene chinasintha.

"Kakhadi kena kangapezeke kuti?" anafunsa achemwali.

Sitolo yogulitsa zotere inali imodzi yokha, kutsidya lina la mzinda, ndipo Loweruka inkatseka 12 koloko. Achemwali anaimbira foni wa ku situdiyo uja. Mkazi wake anayankha kuti bamboyo wapita kukajambula ukwati kutali, abwera mawa.

Achemwali anabweza foni m'chikwama. Anangondiyang'ana. Ine ndayang'anidwapo ndi asilikali onyamula mfuti pa mlatho wina, koma sizinafike apo.

"Ndati ndione kanthuko," anateronso Bambo.

"Bambo, izi si za mawailesi," ndinawayankha, maso ali pa kamera. "Izi ndi za makono. Mulibe waya muno, mulibe chowotcherera."

Mawu amenewo ndinawanena ine, ndi pakamwa pangapa. Bambo anangoika manja awo pa mawondo.

Nthawi yomweyo panja panamveka kukhuluza kwa makwerero. Mayi wa saluni anali atafika, mphindi makumi awiri nthawi isanakwane, ndi amuna awiri onyamula zidebe. Anali mayi wansangala, wa ndolo zikuluzikulu, wolankhula ngati akuimba.

"Odi kuno! Eee, agogo, koma mwatchena! Mukupita kukafunsira ndani?"

"Ndikudikira inuyo, mayi," anatero Bambo.

Mayiyo anaseka mpaka ndolo zinagwedera. Achemwali anamufotokozera vuto lathu mwachidule, osaiwala kutchula mwini vutolo kangapo.

"Pepani kwambiri," anatero mayiyo. "Ine ndikanakonda kudikira mpaka mawa, koma anthu awa ndawapeza lero lokha, ndipo mipando yanga ikufika Lolemba. Makoma akuyenera kuuma. Ndikupatsani mpaka hafu pasiti 3, kupitirira apo mashelefu atsike basi."

Sitikanamudandaula. Anali atatiwonjezera kale.

Ndinayesanso kawiri, katatu. Kenako ndinatulutsa kakhadi n'kukaponya pa tebulo. Ndinaima pa khomo, kuyang'ana lole yanga, kuganiza ngati ndingathamange kukagogoda kunyumba kwa mwini sitolo ija, amene ngakhale dzina lake sindinkalidziwa.

"Basi, ana anga," ndinamva Bambo akutero kumbuyo kwanga. "Musavutike. Yambani kutsitsa. Amene anandiona pa ntchito anandiona."

Ndinatembenuka. Anali akumasula tayi ndi dzanja limodzi. Dzanja linalo, mwachizolowezi cha zaka zonse zija, linkayendayenda pa tebulo kusonkhanitsa zomwazika, ndipo linakumana ndi kakhadi kaja. Anakatola. Sanakayang'ane n'komwe. Anakatembenuza pakati pa zala, n'kuyendetsa chikhadabo cha chala chachikulu m'mbali mwake, mbali imodzi, kenako inayo. Anaima. Anabwerezanso pamalo omwewo.

"Mkokomo."

"Bambo."

"Polemba paja unakagwira ndi chiyani?"

"Ndi pulayala."

Wopaka penti mmodzi anaphulika kuseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono.

"Pulayala iti?"

"Yaing'ono, Bambo."

"Iwe ulibe pulayala yaing'ono. Tabwera kuno. Bweretsa chala chako." Anandigwira chala n'kuchiyendetsa m'mbali mwa kakhadi. "Ukumva kampata aka? Pano panali kanthu. Kali ndi njira yake, kankatsetsereka kupita kumtunda ndi kumunsi. Wakathyola."

Pamenepo ndinakumbukira. Lachisanu lija, nditamaliza kulemba, ku mano a pulayala kunamatirira kanthu kachikasu, kakang'ono ngati njere ya mchenga. Ndinakakutumula ndi chala, kuyesa kachinyalala.

"Koma apongozi," anatero alamu, "mawu aja akunena momveka bwino za kulemba."

"Mwawerenga bwino, aphunzitsi, sindikukutsutsani. Koma wofuna kulemba si mwana wangayu. Ndi kamerayo. Ikufuna kulemba chithunzi changa m'kati umu, ndiye yapeza pakhomo potseka."

Anakoka kabati ya tebulo, n'kutulutsa kaseti yakale. Anaitembenuza n'kutionetsa timabowo tiwiri ta pamwamba pake.

"Kale anthu ankabwera ndi makaseti muno. Wina wajambula mawu a mayi ake, wina kwaya yawo, wina mwana wake akuyamba kulankhula. Amati, a Mawailesi, tithandizeni kuti ana asadzajambulirepo nyimbo zawo. Ine ndinkangothyola kapulasitiki apa, pakhale bowo. M'kati mwa wailesi muli kachala kachitsulo. Kakapapasa n'kupeza bowo, kamakana kujambula, ngakhale udine ndi mwendo. Tsono mwini wake akasintha maganizo, akufuna kujambulanso, ndinkamata tepi pa bowopo. Kachala kakapapasa, kamapeza khoma, kamalola."

Ananyamula kakhadi m'dzanja lina, kaseti m'dzanja lina.

"Makina alibe maso. Amapapasa, ngati ine. Uyu ndi mdzukulu wa uyu, angomuchepetsa."

Mayi wa saluni anali atalowa mpaka pa tebulo. "Agogo, ndiye kuti zitheka?"

"Tipeze tepi, tione."

Achemwali anafwanthula chikwama chawo n'kutulutsa pulasitala wa pa bala. Bambo anadula kachidutswa, anamata, n'kundipatsa. Kakhadi kanalowa theka n'kukakamira.

"Osakankha!" anakuwa onse pamodzi, ngakhale telala.

"Sindikukankha!"

"Tikukudziwa," anatero achemwali.

Ndinakasolola mofatsa, mofatsa kwambiri moti ndinadzidabwa ndekha. Bambo anamatula pulasitala uja.

"Wanenepa uyu. Pakufunika tepi yanga yolumikizira riboni wa kaseti akaduka. Ndi yopyapyala ngati khungu la anyezi. Ili m'kachitini ka masiwiti, kofiira."

"Kali kuti kachitiniko?"

"Kanali m'chipinda cha kumbuyo."

Tonse tinatembenukira ku lole. Makatoni makumi awiri ndi atatu, osanjikizana, omangidwa kale ndi malamba. Wotchi ya mayi wa saluni inkati 3 koloko yadutsa ndi mphindi khumi.

"Zatha," anatero alamu. "Kufufuza monsemo ndi mpaka dzuwa kulowa."

Apa ndiye ndinaseka ine, koyamba masana onsewo.

"Alamu, mwaiwala kuti anapakira ndi ndani. Bambo, kanali pa shelefu iti?"

"Yapansi, kumanzere kwa zenera."

Ndinakwera lole ija ngati ndili ndi zaka makumi awiri. Katoni iliyonse ndinali nditailemba mbali zonse zinayi: chipinda, khoma, shelefu. Ndinamasula lamba mmodzi yekha, ndinasuntha makatoni atatu, yachinayi inali yolembedwa kuti kumbuyo, zenera, kumanzere, pansi. Ndinaing'amba, ndinapisa dzanja, ndinatulutsa kachitini kofiira n'kukakweza m'mwamba kuti msewu wonse uone.

"Achemwali! Nenaninso za kulemba kwanga!"

"Tsika, malaya ada kale!"

Bambo anasuntha mabotolo, anayatsa babu la chipewa, anakokera galasi lawo pafupi. Anatenga lezala watsopano. Manja amene m'mawa uliwonse ankataya tiyi m'sosala chifukwa cha kunjenjemera anakhazikika ngati awakhomerera. Anadula kachidutswa ka tepi kochepa kuposa chikhadabo cha khanda. Anakanyamula ndi nsonga ya lezala, anakagoneka pa kampata kaja cha kumtunda, anapindira mbali iyi, anapindira inayo, n'kusalaza ndi msana wa chikhadabo.

"Timano tagolide iti tisaphimbidwe," ankalankhula okha, monga ankachitira tili ana. "Apa ndiye pakamwa pake."

Opaka penti anali atatsamiritsa makwerero ku khoma. Telala anaima pa khomo, tepi yoyezera ili m'khosi. M'kashopu kolowa anthu atatu tinalimo asanu ndi awiri.

Bambo anayendetsanso chikhadabo m'mbali muja, kawiri. Anagwedeza mutu.

"Bweretsa kamerayo. Ndilowetsa ndekha."

Ndinawapatsa ndi manja awiri. Anapapasa pakamwa pake, analowetsa kakhadi, anakankha ndi nsonga ya chala. Kanati tswa.

"Yatsa."

Ndinayatsa. Kagalasi kanawala. Munaoneka nsapato za alamu ndi chidebe cha penti. Mawu ofiira panalibe.

Ndinadina osayang'ana n'komwe. Kamera inati khethe, kuwala kunang'anima, ndipo nsapato za alamu zinakhala chinthu choyamba kujambulidwa m'shopu ya Bambo.

Phokoso lake! Mayi wa saluni analumpha n'kuwakumbatira achemwali ngati anakulira limodzi. Opaka penti ankamenya zidebe. Telala anathamangira panja kukauza wogulitsa zitsulo. Alamu ankangoti, "Ndinanena ine kuti nkhani yagona pa kulemba," ndipo palibe anawatsutsa chifukwa panalibe womva. Ine ndinkafuula kuposa onse. Ndaonapo amakaniko a mayiko ambiri, ena ovala zoyera ngati madokotala, ena okhala ndi makompyuta olankhula, koma amene angakonze makina a kutsidya kwa nyanja ndi lezala ndi tepi ya kaseti, maso ali ndi nkhungu, ndi mmodzi yekha pa dziko lino, ndipo ndi amene anandibereka ine.

"Khalani bwino tsopano, Bambo," anatero achemwali akupukuta m'maso. "Ndikumangeni tayi."

"Ayi."

Anaimirira, anavula jekete, anachotsa tayi, n'kuwapatsa achemwali zonse. Anatambasula dzanja kuseri kwa chitseko n'kutenga chikhothi chawo cha ntchito, chotuwa, chobooka pa thumba pomwe chitsulo chinawotcha kalekale.

"Bambo! Suti ndinasita m'mawa wonse!"

"Udzandiveka pa ukwati wa mwana wako. Ine muno sindinagwirepo ntchito ndi tayi."

Anatsitsa wailesi imodzi yaikulu ya matabwa pa shelefu, anaitsegula kumbuyo, anatenga chitsulo chowotcherera m'dzanja lamanja, waya wa mtovu kumanzere. Anthu onse anatuluka n'kuunjikana kumbuyo kwanga pa khomo.

"Yang'anani kuno, Bambo."

"Sindiyang'ana. Munthu akamawotcherera sayang'ana pa khomo. Jambula."

Ndinagwada. Ndinadina. Khethe.

Anapempha chimodzi, ine ndinajambula makumi asanu ndi limodzi. Ndinajambula ataweramira wailesi, atakweza mutu kukalipira alamu kuti akutchinga kuwala, akuseka ndi mayi wa saluni, ali pakati pa ine ndi achemwali, telala atatigwirira kamera. Ndinajambula mashelefu okha, mabotolo okha, babu ndi chipewa chake. Opaka penti nawo anapempha, ndinawajambula atagwira mabulashi ngati mfuti. Koma choyamba cha Bambo chija, akuwotcherera, ndicho chinali chenicheni.

Ndinachibweretsa pa kagalasi n'kuwapatsa. Bambo anakokera galasi lawo lokulitsa, anaweramira, anayang'ana nthawi yaitali. Tonse tinadikira.

"Kodi nkhalamba yakhala pa mpando wangayi ndi ndani?"

"Ndinu, Bambo," anatero achemwali.

"Imvi zonsezi?"

"Ngati simunachikonde tijambulenso," ndinatero. "Malo alipo ambiri."

"Ayi, isiyeni." Anasendeza galasi pang'ono, kumwetulira kukuyamba ku mbali imodzi ya pakamwa. "Taonani m'mene yagwirira chitsulocho. Chigongono pa tebulo, dzanja lopepuka. Imeneyi ntchito imaidziwa."

Anandibwezera kamera. Anazimitsa babu, anazula chitsulo ku magetsi n'kuchiika pambali kuti chizizire. Kenako anapisa m'thumba la chikhothi n'kutulutsa makiyi awiri omangidwa pa waya wofiira.

"Mayi, bwerani. Wamkuluyu ndi wa kutsogolo. Musalimbane naye, mumayamba mwakankha chitseko ndi bondo, kenako n'kupotoza. Dzuwa la masana limalowera pa zenera ilo, ndiye makasitomala anu muziwakhazika mbali iyi, angamadandaule."

Mayiyo analandira ndi manja awiri, akugwadira pang'ono.

"Agogo, tsiku lililonse mukadutsa, kumeta ndi kwaulere."

"Mwachedwa nako, mwana wanga, tsitsi lake latsala lowerengeka."

Anatembenukira kwa ine, akupinda manja a chikhothi.

"Mkokomo, ika chidole chakocho m'chikwama. Tiyambe ndi shelefu yapamwamba. Iwe uzitsitsa, ine ndizikuuza zolemba."